Nthambi ya Nang'omba

Padangokhala, mbalame zikadali zochepa m'chigwa cha Mpatsa, panali mtengo wa mbawa wa nthambi zitatu. Woimba ali pamenepo ankamveka mpaka kutsidya. Nang'omba anali ndi nthambi yakeyake, ndipo m'mawa uliwonse ankaimba mpaka mame kuuma, chigwa chonse chili zii kumvetsera.

Mbalame zitachuluka, phokoso linakula, moti mayi akaitana mwana wake sankamvekanso. Choncho zinapangana lamulo: aliyense atenge chiphaso kwa Khungubwe, akwere nthambi iliyonse imene waipeza yopanda mnzake, anene zake mwachidule, atsike.

"Achimwene, chiphaso chanu nachi," anatero Khungubwe.

"Chiphaso pa nthambi ya bambo anga?" anayankha Nang'omba. "Inu munali mazira ine ndikuimba pano."

Tsiku lina m'chilimwe, Timba anaona moto wolusa ukulowera kumphako kumene mkazi wa Nang'omba ankafungatira dzira. Anathamangira kumbawa kuti akakuwe ali panthambi n'kumuchenjeza mkaziyo, koma panthambi zina ziwiri zija panali Njiwa ndi Nkhwali, akuitana ana awo.

"A Nang'omba, ndibwerekeniko nthambi pang'ono chabe," anapempha Timba.

"Dikira nyimbo ithe."

Timba anadikira. Nyimbo inali yaitali, yokoma ngati kale. Itatha, mkazi uja anatulukira nthenga zitawauka, dzira litatsala m'moto.

Nang'omba anatsika, osakweranso. Mpaka lero amayenda pansi, ndipo m'mamawa amang'ung'udza nyimbo yakale ija chapansipansi. Koma saimaliza.