Thumba la Bambo Pachigayo cha Mphepo

Chigayo cha mphepo cha m'mudzi mwathu chinaima ndili mwana, chitabwera cha dizilo. Mapiko ake a bango tinasonkhera moto, mphero inakwiririka mumchenga, kunangotsala makoma awiri adothi. Ngakhale kale chinkagaya m'chilimwe mokha, ikamawomba mphepo yamphamvu ya kwathu imene imatha miyezi inayi.

Tsikulo linali la m'nyengo yozizira, kunja kuli zii, kopanda mphepo. Ndinatuluka mumzikiti pemphero la madzulo litatha, n'kukagulira mayi mankhwala a chifuwa. Pobwerera, nditafika pamakoma paja, ndinamva mphero ikulira.

"Nasrat, iwe mwana wa Barat!" anaitana mawu a nkhalamba mkatimo. "Tirigu wa bambo ako ndagaya. Thumbali lizigona pano mpaka liti?"

Bambo anasiyadi thumba pachigayocho zaka makumi atatu zapitazo, sabata imene anawatengera kunkhondo. Sanabwerenso.

"Pepani agogo, ndidzatenga mawa," ndinatero, n'kuyenda osacheuka.

Nditalowa m'nyumba, mayi anandiyang'anitsitsa paphewa. Anapukutapo ndi chala, n'kulawa.

"Ufa uwu ndi wofunda, mwanangu. Wadutsa kuchigayo?"

Ndinawafotokozera zonse.

"Ndiye iwe wamuyankha kuti chiyani?"

"Ndati ndidzatenga mawa."

Mayi, amene anatha mwezi wathunthu osadzuka pamkeka, anaimirira okha n'kukapiringidza chitseko.

"Bambo akonso anamuyankha choncho," anatero.

Kunja, mphepo inayamba.