Anaphunzitsa mwana wake kuzimitsa injini pamtsetse

Panali bambo wina, dalaivala wa malole wopuma pantchito, amene anzake ankangomutchula kuti Kadaulo. Nkhaniyi ndaimva kwa munthu amene amapemphera naye mpingo umodzi, ndiye musati ndapeka. Kuyendetsa ankatha ndithu, pamenepo tisamunamizire. Matenda ake anali amodzi: kwa iye aliyense pamsewu anali mbuli kupatula iye mwini.

Mwana wake wamkazi, telala, atagula kagalimoto ndi mwamuna wake, anabwera kudzauza makolo.

"Ababa, ndikufuna ndikalembetse kusukulu yoyendetsa galimoto."

"Sukulu, ine ndili moyo?" anaseka Kadaulo. "Tianyamata tophunzitsa kumeneko tinabadwa ine ndili kale pachiwongolero. Ndikuphunzitsa ndekha."

Mkazi wake analowererapo. "Bambo ake, musiyeni mwana apite. Inu mukamupatsira ndi zizolowezi zanu zomwe."

"Mayi, inu galimoto mumaidziwira pampando wakumbuyo. Tisiyeni."

Maphunziro anayambikadi pabwalo la mpira, kenaka mumsewu. Mtsikanayo anali wamutu, sanachedwe kugwira. Za zikwangwani ndi malamulo bambo ake ankati ndi zoloweza ana asukulu, laisensi adzaiona pambuyo. Chimene anamuphunzitsa monyadira chinali chinsinsi chake chakale. Akafika pamtsetse, Kadaulo ankachotsa giya, kuzimitsa injini, galimoto n'kumangotsetsereka yokha mwakachetechete.

"Waona? Mafuta sakutha. Izi kusukulu sangakuuze."

Zoona, kusukulu sangakuuze, chifukwa ndi misala. Injini ikazima, mabuleki amagwira kangapo kokha, kenaka amauma gwa ngati mwala. Kadaulo ankazidziwa zimenezi. Dzanja lake linkayatsa injini lokha nthawi isanathe, iye osaganizako n'komwe, ndipo chifukwa chosaganizako sanamuuze mwanayo. Anamupatsa theka la nzeru, theka linalo n'kutsala m'manja mwake.

Tsiku lina m'mawa mkazi wa Kadaulo anayenera kupita kuchipatala kukatenga mankhwala a shuga. Kadaulo anali atakhala pakhonde akusewera bawo ndi mnzake, ndipo masewera anali atakoma.

"Watenge amako uwaperekeze," anauza mwana wake, amene anali atabwera ndi kagalimoto kake. "Ukuopa chiyani? Unaphunzira kwa ndani?"

Mayiwo anakwera monyinyirika. Njira ya kuchipatalako ili ndi mtsetse wautali, kumunsi kwake kuli khona ndi mlatho. Mtsikanayo atafika pamwamba anachita zimene ankaona bambo ake akuchita. Anachotsa giya, anapotoza kiyi, injini zii. Anaponda buleki koyamba, inagwira. Kachiwiri, inagwira. Pofika pakhona buleki inali itauma, chiwongolero nacho chitalemera, chosatembenuka.

"Mwanawe, imika!" anakuwa mayi ake.

Galimoto inakawomba chipupa cha mlatho mbali imene anakhala mayiwo. Mtsikanayo anathyoka mkono. Mayi ake sanafike kuchipatala amoyo.

Maliro atatha, wapolisi anabwera kunyumba kudzamva mbali ya mtsikanayo. Anakhala pabalaza, Kadaulo ali pomwepo, mkamwini ali pomwepo, azakhali a mtsikanayo atakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Galimoto taiyeza, inalibe vuto," anatero wapolisiyo. "Koma kiyi tinamupeza ali pozimitsa. Chemwali, anakuphunzitsani ndani kuzimitsa injini galimoto ikuyenda?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu n'kuyang'ana bambo ake. Kadaulo, munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka, anayang'ana pansi.

"Palibe," anayankha mtsikanayo. "Ndinangoganiza ndekha."

Apa ndi pamene pamandiwawa ine. Bamboyo akanangotsegula pakamwa n'kunena kuti ndine, mwanayo akanapepukidwa. Sanatero. Chifukwa cha manyazi, anamusiya mwana wake asenze yekha mlandu wa kukhoti ndi wa pabanja pomwe. Azakhali aja anatuluka akupukusa mutu, ndipo mpaka lero achibale ena amamunena mtsikanayo kuti anapha mayi ake chifukwa cha matama.

Akuti Kadaulo sagwiranso chiwongolero, bawo nayenso anasiya. Wawonda, malaya akungolendewera. Mwana wakeyo amabwerabe Loweruka lililonse kudzamuchapira ndi kumusesera m'nyumba, ndipo sanamufunsepo kanthu. Tsiku lina akupachika zovala, bamboyo anamuyandikira.

"Mwanangu, za tsiku lija..."

"Zisiyeni, ababa," anatero iye osacheuka. "Amayi ndataya kale. Ndikanena kuti ndinu, nditsala ndi ndani?"

Phunziro: Kudziwa kuyendetsa si kudziwa kuphunzitsa. Amene mwakhalitsa pamsewu muli ndi zizolowezi zoipa zimene simuziona, ndipo mwana amatengera zonse osadziwa poopsa. Mwana, mkazi kapena m'bale wanu akafuna kuyendetsa, mutumizeni kusukulu yovomerezeka, apeze laisensi m'njira yake. Musazimitse injini kapena kuchotsa giya pamtsetse, mafuta amagulidwa koma munthu sabwerera. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu mokha, atumizireni onse amene akuphunzitsana galimoto kunyumba.