Masipika Asanafewe

Mkazi atagwira waya kuti auzule pakhoma, mwamuna wake anamumenya padzanja.

"Usayerekeze! Wogulitsa wanena kuti masipika atsopano amafunika kulira osalekeza mpaka afewe. Ukawadukiza, mawu ake amauma mpaka kalekale."

"Amayi akudwala m'chipindamu, bambo a mwana. Chepetsaniko pang'ono chabe."

"Amayi akowo anabwera okha. Masipikawa ndinachita kukasankha."

Mawindo ankanjenjemera ndi phokoso. Kapu ya madzi inkayenda yokha patebulo. Mkazi anaitenga n'kulowa nayo kuchipinda.

Anawapeza amayi ake ali pansi, pafupi ndi chitseko, supuni ili m'manja. Inali supuni imene ankagogodera pabedi akafuna thandizo. M'munsi mwa chitseko utoto unali utasupuka ndi kugogoda. Dzanja lawo linali litazizira kale.

Anatuluka wopanda msozi, n'kuzula waya uja. M'nyumba monse munangoti zii.

"Amayi atisiya."

Mwamuna anayang'ana kuchipinda kuja, kenaka anapukuta fumbi pamasipika ndi chikhatho.

"Ndiye ukanangondiuza," anatero. "Wazuliranji? Tsopano ndiyambirenso poyamba."