Kompyuta ya M'mimba mwa Inzake

"Mwabamo zitsulo, alamu!" anakuwa Mathews, chibakera n'kutera pamphuno pa Simoni.

Simoniyo ndiye anaika kompyuta ina m'mimba mwa kompyuta ya pashopu ya Mathews ku Katete, ati vechuo mashini. Tsikulo kompyutayo inkayenda ngati nanzikambe, chonsecho fomu ya mwana wa Mathews yofunsira malo kusukulu ya unamwino, yotumiza pa intaneti, inkatsekedwa masana omwewo.

"Yangotenthedwa iyi!" analira Simoni.

Mathews anawonjezera mbama.

Magazi ali chuchuchu, Simoni anasolola chitenje chimene mkazi wa Mathews anakulungira bokosi la kompyutayo poopa fumbi, n'kutsekera mphuno. Bokosi lija linapuma mpweya, n'kuzizira. Posakhalitsa fomu ija inapita, vuu!

"Mwaona, alamu?" anatero Mathews akuuzira chibakera chake. "Mukamenyedwa, ntchito mumaidziwa."