Nthochi ya M'chikwama

Dzuwa lili pamutu, mtsikana wina anaona manja a bambo ake akuyamba kunjenjemera pabenchi ya chipatala. Mtsikanayo atawagwira anapeza ali ozizira, onyowa ndi thukuta.

Chiyambire dzulo madzulo bambowo anali asanalawe kanthu. Anamwino anali atanena kuti woyezetsa shuga azibwera asanadye, akadya ndiye kuti adikire mwezi wamawa. Koma chilonda chimene anali nacho kuphazi chinali chitayamba kale kununkha.

"Ababa, idyani nthochi iyi."

"Ibweze m'chikwamamo, mwanawe. Tayenda mtunda wonsewu kudzadyera nthochi pabenchi?" Anayesa kuseka, koma lilime linali litalemera.

Mtsikanayo anadzuka, nadutsa mzere wonse n'kukagogoda pazenera. Wa m'katimo anatsegula pang'ono, akutakasa tiyi ndi supuni.

"Pepani achimwene, bambo anga atsala pang'ono kukomoka. Ayezeni msanga kuti adye."

"Kuyeza? Timapepala toyezera tinatha sabata yatha. Sanakuuzeni?"

"Atiuze ndani? Inuyo mwakhala mukutiona pano kuyambira m'mawa."

"Ine ntchito yanga si yolengeza, mayi." Zenera linatsekeka.

Mtsikanayo anachoka pazenerapo. Kenako anatembenukira kumzere uja, nkhalamba ndi amayi a ana kumsana, onse milomo ili gwa ndi njala.

"Idyani," anatero mokweza. "Nonsenu idyani, choyezera kulibe."

Anagwada n'kusenda nthochi ija. Bambo ake anatembenuzira nkhope kumbali.

"Iwe, usatitayitse malo pamzere," ananong'ona.