Mawu a Bambo Isake Otuluka mu Laputopu

Panali munthu wina pa Muloza, dzina lake Kingstone, wokonza mafoni pakhonde la golosale kufupi ndi boda. Amene anandiuza nkhaniyi ankakhala nawo pabenchi pomwepo, ndipo akuti ndi zoona.

Masana aliwonse anzake okonda za makompyuta ankadzaza pabenchipo. Ntchito yawo kutsutsana basi: foni yolimba ndi iti, netiweki ya ku Mozambiki ikuposa yathu kapena ayi, mafuta asowanso chifukwa cha ndani. Tsiku lina nkhani inafika pa AI, ija akuti imatengera mawu a munthu.

"Zimenezo n'za Azungu, aise," anatero Hopewell, kalaliki wa ku esiteti ya tiyi. "Kompyuta ingayankhule Chichewa cha kuno chokoka Chilomwe? Ikatero undimete mpala pompano."

"Kagule lezala," anatero Kingstone.

Tsono Kingstone anali ndi mavoisi noti ambirimbiri a bambo ake, a Isake. Bambowa anali a kabaza, ndipo anakokoloka ndi madzi nthawi ya namondwe wa Freddy. Thupi silinapezeke. Atafufuza milungu itatu, akuluakulu anaika thunthu la nthochi m'manda monga mwa mwambo, kuti maliro athe, anthu amete. Mayi ake, a Janeti, anavala zakuda, pang'onopang'ono n'kuvomereza.

A Pilato, mkulu wokonza mawailesi pakhonde lomwelo, ataona zimene Kingstone akufuna kuchita anati, "Mphwanga, tenga mawu anga, ine ndili moyo. Munthu amene simunamuone nkhope m'bokosi samuseweretsa."

"Madala, izi si za mizimu ayi. Ndi pulogalamu chabe."

Analowetsa mawuwo mu laputopu. Hopewell anati, "Anene zimene sananenepo, tisamve zakale." Kingstone analemba zimene iye mwini ankalakalaka kumva chichitikire ngoziyo. Laputopu inayankhula, ndi kachifuwa komwe ka bambo ake:

"Amake Kingi, ndine. Madzi sananditenge. Ndili kuno ku Milanje."

Lezala palibe anaikumbukira. Koma Kingstone, pofuna kuti omwe kunalibe adziwe kuti wapambana, anaponya mawuwo pagulupu yawo ya anthu asanu ndi atatu. Wina anatumizira msuweni wake kuti adabwe. Msuweniyo anatumizira mkazi wake, osafotokoza. Pofika Lachinayi mawuwo anali pafoni ya mayi wina wa Mvano, mnzawo wa a Janeti.

Kingstone atapita kwawo ku Milonde anapeza mayi ake avula zakuda, akuchapa malaya a bambo omwe anatsala.

"Amayi, amene aja si ababa. Ndinapanga ndine."

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala nawo nyumba imodzi. Undiuza ndiwe mawu awo?"

Kingstone anatulutsa laputopu kuti awaonetse. Analemba kuti "Moni Kingstone," mawu aja n'kunena momwemo. A Janeti anagwira pamtima.

"Kani umayankhula nawo tsiku lililonse? Ine n'kumandibisira?"

Anabwera a Pilato kudzafotokoza. Anabwera abusa. Anabwera Hopewell, mpaka kugwada. Onse a Janeti ankawafunsa funso limodzi: "M'manda muja munaikamo ndani?" Ndipo onse ankadziwa kuti ndi nthochi.

A Janeti anakazula mtanda kumanda. Anayamba kuwoloka boda Lolemba lililonse, kenako tsiku lililonse, foni m'manja. Pamsika wa Milanje, tsidya la Mozambiki, ankaimitsa a kabaza, osintha ndalama, ogulitsa kaunjika, n'kuwaikira foni kukhutu. "Mawu awa munawamvako?" Ena pomva chisoni ankati, "Mwina ku Mokuba, mayi." Ena ankangotchula dera lililonse kuti awachoke.

Mvula itayamba, m'mawa wina a Janeti ananyamula kachikwama ndi malaya aja, atasita bwinobwino. Anauza mnansi kuti awaonere nkhuku. Sanabwerenso.

Kingstone anatseka benchi. Anayenda Milanje yonse, anafika ku Mokuba, zipatala, matchalitchi, kupolisi. Naye foni m'manja, kuwaikira anthu kukhutu mawu a mayi ake. "Mawu awa munawamvako?"

Patatha miyezi isanu ndi iwiri amalume ake anamuitana. "Mwanawe, tidule nthochi ina, mudzi upume."

Iye anakana.

Sabata yomweyo, dzuwa lili paliwombo, foni yake inalira. Nambala ya ku Mozambiki, yosadziwika. Voisi noti ya masekondi anayi, mawu a mayi ake:

"Kingi, mwanangu, ndawapeza. Bwera."

Anaimbira nambalayo, sinkapezeka. Anathamangira kwa Hopewell. "Aise, ndiwe wapanga izi? Ndiuze, sindikwiya." Hopewell analumbira, misozi ili mbwembwembwe. Anafunsa a pagulupu onse mmodzimmodzi, onse anakana. Koma mawu a mayi akewo iye anali atawatumiza kwa anthu mazanamazana pofufuza, ndipo ankadziwa kuposa wina aliyense kuti aliyense wa iwo akanatha kupanga zimenezo, tiyi asanazizire n'komwe.

Anapita nawo kwa a Pilato. "Madala, inu muli ndi khutu. Ndi amayi awa, kapena ndi makina?"

A Pilato anamvetsera katatu, n'kumubwezera foni.

"Mayi ako anali nacho chokhulupirira. Iwe wadzimana ngakhale chimenecho."

Mpaka lero akuti mukamawoloka pa Muloza mumupeza ataima pambali pa mlatho, foni kukhutu. Kupita sapita, poti sadziwa kolowera. Kubwerera kunyumba sabwerera. Nthochi ija amalume anaisankha kale, koma palibe walimba mtima kuidula.

Phunziro: Sikuti chilichonse chimene makina angathe ndiye kuti tichite. Chimene inu mukuseka pagulupu, chikafika kwa wina chopanda mawu ofotokoza chimakhala uthenga weniweni. Akulu akakuletsani mverani, ndipo omwe anagona asiyeni agone. Musanatumize mawu kapena chithunzi, dzifunseni kuti chikathera m'khutu mwa ndani. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka aja odziwa kwambiri za mafoni.