Matimati a M'ndowa ya Mchenga

Chikhazikitsireni ng'anjo yosungunulira aluminiyamu m'nyumba iliyonse kwa Mphonde, lamulo linali limodzi: chitsulo chosungunuka chikakhudza madzi chimaphulika, choncho pakhonde pazikhala ndowa ya mchenga wouma. A Chadza, wapampando wa komiti yozimitsa moto, ankalalikira zimenezi ngakhale pamaliro.

Tsiku limene mphika wawo unang'aluka, chitsulo n'kuyenderera mpaka kuyatsa mphasa, anathamangira ndowa ija. Anaipeza itabiriwira masamba, mchenga uli chinyontho chokhachokha.

"Nangondo! Mwathira madzi mumchenga wa boma?"

Akazi awowo anali atatulutsa kale ana. Denga likulilima, anayankha mosatekeseka:

"Bambo a Dalitso, chikhalireni pampando simunagulepo ndiwo. Matimati munkanyambita nawo zala aja mumayesa ankamera kumsonkhano?"